Tifunseni: Asilamu akamanyozedwa ndi kuopsezedwa pa intaneti

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba nkhani imodzi: chipongwe, mabodza ndi ziopsezo zomwe Asilamu akukumana nazo pa Facebook, WhatsApp ndi TikTok. Tasankhapo angapo, tawafupikitsa, ndipo mayina tachotsa. Oyankha ndi a masiku onse aja: wodziwa za malamulo, wodziwa za makina a intaneti ndi mphunzitsi wa za chipembedzo.

Assalam alaikum. Ndimagulitsa mahijabu ndi madiresi kudzera pa peji yanga ya Facebook. Kuli anthu omwe ntchito yawo ndi kundilembera makomenti oti "Alshabaab", "zigawenga inu", "Achawa osaphunzira". Sabata yatha wina wandilembera ku inbox kuti shopu yanga akuidziwa ndipo tsiku lina idzayaka. Bambo akunyumba akuti ndingotseka pejiyo, koma ndi pomwe timadyera. Nditani? — Mayi wa bizinesi, Mangochi

Wa alaikum salaam mayi. Peji musatseke, ndipo pakadali pano musafufute kanthu. M'kalata yanu muli nkhani ziwiri. Makomenti onyozawo tiwasamalira pang'onopang'ono. Uthenga woti shopu idzayaka ndi chiopsezo, ndipo umenewo ndi wopita nawo kupolisi osadikira wachiwiri.

Musanapite konzani umboni, chifukwa apa ndi pomwe milandu yambiri imafera. Anthu ambiri mtima ukakwera amathamangira kubuloka munthuyo, kenaka n'kupeza kuti akaunti yake sakuionanso ndipo alibe chosonyeza. Jambulani sikirinishoti yoonetsa dzina la munthuyo, chithunzi chake, mawu onse ndi nthawi. Mu Messenger mukadina pa uthengawo nthawi imatuluka. Makomenti samaonetsa tsiku lenileni, amangolemba masiku kapena masabata omwe apita, choncho tsikulo lembani nokha m'kope. Kenaka tsegulani akaunti yake, dinani timadontho titatu tija, musankhe Copy link, linkiyo muisunge. Dzina ndi chithunzi angasinthe usiku umodzi, koma apolisi akakhala ndi linki amadziwa akaunti yomwe akuifunafuna. Jambulaninso zomwe walemba zokhudza iyeyo: dera, sukulu, zithunzi, anzake omwe inunso mukuwadziwa.

Zithunzi zimenezi musazidule m'mbali, musazizunguze ndi inki yofiira, musalembepo kanthu. Chithunzi chokhudzidwa chimapatsa woimbidwa mlandu mpata wonena kuti mwachikonza. Zitumizeni ku imelo yanu kapena kwa m'bale mmodzi wodalirika kuti foni ikatayika zisapite nayo, ndipo musindikize makope awiri. Kupolisi mutenge foni yeniyeniyo.

Kope lija n'lofunika pa chifukwa ichi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi magawo atatu okhudza nkhani yanu. Gawo 86 limaletsa kugwiritsa ntchito makina poopseza kuti uvulaza munthu kapena kuononga katundu wake, ndipo chilango chake ndi K2,000,000 ndi zaka 5 kundende. Gawo 87 ndi la mauthenga osowetsa mnzako mtendere mwadala komanso mobwerezabwereza, gawo 88 ndi la kulondalonda munthu ndi kumuopseza, ndipo awiriwa chilango chawo ndi K1,000,000 ndi miyezi 12. Mawu oti "mobwerezabwereza" ndiwo amafuna kope: tsiku, nthawi, dzina la akaunti, zomwe ananena. Komenti imodzi yachipongwe ndi yovuta kuimitsa pamaso pa khoti, koma mndandanda wa masabata angapo umadzilankhulira wokha.

Mukafika kupolisi, ngati pa kauntala sakukumvetsani, funsani ofesi ya Victim Support Unit kapena ya zofufuzafufuza. Lembetsani sitetimenti, mutenge dzina la wapolisi yemwe wagwira nkhaniyo ndi nambala ya dandaulo lanu. Tikuuzeni chilungamo: akaunti yabodza ndi yovuta kuipeza mwini wake, chifukwa kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, ili kunja ndipo imapereka zinsinsi za akaunti pokhapokha boma litapempha motsata malamulo. Nambala ya foni ndiye ina. Ma SIM kuno amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, choncho fufuzani ngati munthuyo anakuimbiranipo, anafunsapo mtengo pa WhatsApp kapena anatumizapo ndalama pa foni. Wodziwa pomwe pali shopu kawirikawiri sakhala wakutali. Koma ngakhale mukukayikira wina, dzinalo kauzeni apolisi basi, musalilembe pa peji.

Umboni ukasungika, m'bulokeni. Muzosintha za peji muli malo olembamo mawu omwe simukuwafuna, ndipo komenti iliyonse yokhala ndi mawuwo imabisika yokha. Lembanimo kalembedwe konse komwe anthuwo amagwiritsa ntchito: alshabaab, alshabab, al shabab, chigawenga, zigawenga, mchawa, achawa. Makina amangogwira zilembo zomwe mwawapatsa, ndiye mukaona kalembedwe katsopano onjezerani. Pa makomenti omwe alipo kale, Hide iposa Delete. Yobisika imaonekabe kwa wolembayo ndi anzake, ndiye sazindikira msanga kuti ayambe kulemba ina, makasitomala anu sakuiona, pamene inu umboni muli nawo. Chotsaninso pa peji malongosoledwe a njira yofikira pashopu, muzipereka kwa wogula yekha, ndipo mlonda, oyandikana nanu ndi wapampando wa msika adziwe za chiopsezocho.

Ndinalipota posti yonena kuti Asilamu onse ndi akupha. Patapita masiku awiri Facebook inandiyankha kuti postiyo sikuphwanya malamulo awo. Kodi kulipota kuli ndi phindu? — Mphunzitsi, Liwonde

Aphunzitsi, zimene mwaonazo si zachilendo. Mu 2022 bungwe la Center for Countering Digital Hate linalipota maposti 530 odana ndi Asilamu pa Facebook, Instagram, TikTok, Twitter ndi YouTube, ndipo pa 100 aliwonse 89 sanakhudzidwe n'komwe. Ndiye ganizirani posti ya m'Chichewa kapena m'Chiyao. Woyamba kuona lipoti lanu nthawi zambiri ndi makina, ndipo makinawo anaphunzira kwambiri Chingerezi ndi zilankhulo zina zikuluzikulu. Chipongwe chathu chimayenda m'zining'a, m'kaseleula, m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, mwinanso m'mawu olembedwa pa chithunzi. Makina amangodutsa.

Vuto la chilankhuloli linaphetsapo anthu. Ku Myanmar, mauthenga a m'Chibama onyoza Arohingya, omwe ambiri ndi Asilamu, anayenda zaka pa Facebook popanda owerenga okwanira odziwa chilankhulocho. Mu 2017 Arohingya oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh, ndipo mu November 2018 kampaniyo inavomera kuti sinachite zokwanira kuletsa kuti tsamba lake lisagwiritsidwe ntchito pokolezera ziwawa.

Komabe kalipotedwe kamasintha zotsatira. Lipotani komenti kapena posti yeniyeniyo, osati peji yonse, chifukwa woona lipoti la peji yonse sadziwa poyang'ana. Ngati munthuyo walemba zambiri, yambani ndi yomwe ili m'Chingerezi kapena yomwe ikunena mosabisa. Sankhani chifukwa choyenera: chidani pa gulu la anthu n'china, kuopseza n'china, kuzunza munthu mmodzi n'chinanso, ndipo ziopsezo ndi zomwe amazithamangira. Dziwaninso kuti malamulo a Meta amateteza anthu, osati chiphunzitso. Wolemba kuti sakhulupirira Chisilamu kapena kuti chiphunzitso chakuti n'cholakwika samuchotsa. Wofanizira Asilamu ndi nyama, matenda kapena zigawenga ndiye waphwanya lamulo lawo. Posti yomwe mwatchulayi ili m'gulu lachiwirili, choncho yankho lomwe munalandira linali lolakwika. Pitani ku Support Inbox mupemphe kuti aionenso. Ikakanidwanso, nthawi zina pamatuluka nambala yokadandaulira ku Oversight Board, bungwe loima palokha lounikanso zigamulo za Meta, ngakhale bungwelo limatenga milandu yochepa zedi.

Chimodzi chomwe sitikulimbikitsa ndi kutumiza linki m'magulu kuti "tiyeni tonse tikalipote". Meta imanena yokha kuti kuchuluka kwa malipoti sikusintha chigamulo. Zomwe zimachitika n'zakuti anthu mazana amatsegula postiyo, ena n'kuyankhapo mokwiya, makina n'kuona ngati ndi nkhani yokoma, n'kuyamba kuionetsa kwa ena ambiri. Anthu atatu kapena anayi odziwa kulipota akwanira.

Ine ndine Mkhristu, ndipo ndine adimini wa gulu la WhatsApp la anzanga a kusekondale, momwe mulinso Asilamu. Mnzathu wina amakonda kufowada mavoisi ndi mavidiyo: tsiku lina akuti m'malesitilanti a Asilamu amathira mankhwala oletsa kubereka, tsiku lina vidiyo ya anthu a mfuti akuti ndi ku Machinga. Ndikamufunsa amati "ndangofowada". Ndingadziwe bwanji zoona, nanga mlandu ungandikhudze? — Adimini, Zomba

Achimwene, mwachita bwino kufunsa zisanafike poipa. Bodza la mankhwala m'zakudya silinabadwire kuno. Mu February 2018 ku Ampara, m'dziko la Sri Lanka, anthu anajambula vidiyo wogwira ntchito mulesitilanti ya Asilamu akuoneka ngati akuvomera kuti wathira mankhwala oletsa kubereka m'chakudya. Munthuyo sankamva bwino chilankhulo chomwe ankamufunsiracho, ndipo kanthu koyera komwe kanapezeka m'mbale kanali kachibuluma ka ufa. Vidiyoyo inafalikira, mzikiti ndi mashopu zinaphwanyidwa, ndipo mwezi wotsatira ziwawa zitabuka ku Kandy boma linatseka Facebook ndi WhatsApp kwa masiku angapo.

Ku England zinachitikanso pa 29 July 2024. Atsikana atatu ataphedwa ku Southport, pasanathe maola ambiri pa intaneti panayenda dzina lopeka lomveka ngati lachiarabu, n'kumati wakuphayo ndi Msilamu yemwe wangolowa m'dzikomo pa boti. Mawa lake gulu la anthu linakagenda mzikiti wa m'tauniyo. Wakuphayo anali wobadwira ku Cardiff, mzinda wa ku Britain komweko, ndipo dzina linkayenda lija silinali lake. Ena omwe anangolemba pa foni zokolezera ziwawazo anakalowa kundende. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo "ndangofowada" ndi yemweyo.

Vidiyo ya anthu a mfuti muiyese chonchi. Iimitseni pamalo pooneka bwino, mujambule sikirinishoti, muiike mu Google Lens, pulogalamu yosaka pomwe chithunzi chinaonekapo pa intaneti. Mukapeza chithunzi chomwecho pa nkhani ya zaka zapitazo kapena ya dziko lina, nkhani yatha. Chitani zimenezi pa malo awiri kapena atatu a vidiyoyo, poti pena chithunzi chimodzi sichitulutsa kanthu. Kenaka tcherani khutu: akulankhula Chiyao cha kwathu kuno, kapena Chipwitikizi ndi Chiswahili? Onani manambala a galimoto, zikwangwani, yunifolomu ya asilikali. Mavidiyo a nkhondo ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, yomwe inayamba mu October 2017, ndi osavuta kunamizira kuti ndi a kuno chifukwa mitengo, nyumba ndi nkhope n'zofanana ndi zathu. Mnzanuyo mumuuzenso kuti ambiri mwa omwe aphedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi ya kumeneko ndi Asilamu omwe.

Voisi ndiye yovuta kwambiri, chifukwa ilibe nkhope ndipo simungaifufuze ndi chithunzi. Funsani zinthu zitatu: akulankhulayo ndani, zinachitika pati, liti? Voisi yabodza imakonda kuyamba ndi "abale anga, izi ndamva kwa munthu wodalirika" n'kutha ndi "tumizani kwa ena". Ikatchula malo, imbirani munthu wokhala kumeneko kapena mneneri wa apolisi wa bomalo. Uthenga wokhala ndi timivi tiwiri ndi mawu oti Forwarded many times ndiye kuti wadutsa m'manja mwa anthu osachepera asanu motsatizana, ndipo yemwe wakupatsaniyo mwini wake samudziwa.

Pa udindo wanu: zokambirana za pa WhatsApp zimakhala zokhomedwa, ndipo kampaniyo siziwerenga. Mlonda wa gulu ndinu. Adimini amatha kufufutira aliyense uthenga wa membala pasanathe masiku awiri, choncho jambulani kaye, fufutani, kenaka lembani m'gulumo chifukwa chake m'mizere iwiri, mosanyoza wotumizayo. Mukafufuta mwakachetechete anthu amaganiza kuti mukubisa zoona. Ikani lamulo pa malongosoledwe a gulu kuti zonyoza chipembedzo kapena mtundu, ndi mphekesera zopanda mwini, n'zoletsedwa, ndipo wobwereza katatu atuluka. Zinthu zikatentha, sinthani kwa maola ochepa kuti otumiza akhale ma adimini okha. Mukalipota munthu ku WhatsApp, kampaniyo imalandira mauthenga ake asanu omaliza, ndiye lipotani zoipazo zisanakwiririke ndi moni wa m'mawa.

Za mlandu, woyamba kufunsidwa ndi wolemba ndi wofalitsa. Koma adimini yemwe anauzidwa kuti m'gulu lake mukuyenda zoopseza anthu, iye n'kungoyang'ana, adzavutika kufotokoza kuti sankadziwa. Mnzanuyo mumuimbire payekha musanamudzudzule pagulu. Munthu akachititsidwa manyazi pamaso pa anzake amaumirira bodza lomwe akanalisiya.

Mwana wanga wamkazi wa zaka 16 anajambulidwa alibe hijabu pa mwambo wa amayi okhaokha. Wina watsegula akaunti m'dzina lake, waika chithunzicho ndi mawu olaula, ndipo akuti timupatse ndalama kuti achotse. Mwanayo sakudya. Ine ndamulanda foni. — Bambo wosweka mtima, Salima

Bambo, pepani kwambiri. Choyamba, foniyo m'bwezereni, ndipo mumuuze ndi pakamwa panu kuti sanalakwe. Anavula hijabu pamalo pomwe chipembedzo chimamulola, ndipo wolakwa ndi amene anatulutsa chithunzicho. Mwana akaona kuti kunena vuto kumamulanditsa foni, ulendo wina adzabisa, ndipo anthu oterewa amadalira kubisa komweko. Ngati mukuopa zomwe akuwerenga, gwirizanani kuti kwa masiku ano muzitsegulira limodzi ndi mayi ake.

Ndalama musapereke ngakhale tambala. Wolandira kamodzi amadziwa kuti mwagwidwa, ndipo chithunzicho amakhala nachobe. Musamutukwane, musamuuze kuti mukupita kupolisi. Sungani umboni monga tafotokozera mayi a ku Mangochi, makamaka nambala yomwe akuti mutumizeko ndalama, chifukwa imeneyo ndi chingwe chomukokera. Malamulo aakulu a dziko lino, kuchokera pomwe anasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho kupolisi nenani msinkhu wake poyambirira penipeni. Mungaimbenso pa 116, nambala yaulere yothandiza ana, komwe kuli aphungu oti angalankhule naye.

Polipota akauntiyo musasankhe chidani. Sankhani kuti wina akunamizira kukhala munthu wina, ndipo pena pakafunsidwa onetsani kuti wokhudzidwayo ndi mwana. Lipoti lochokera kwa mwini nkhope, kapena kwa kholo lake, limalemera kuposa la anthu ena, ndipo mwina adzapempha chiphaso chotsimikizira. Akaunti ikatsekedwa, sakani dzina la mwanayo pa Facebook, TikTok ndi Instagram kamodzi pa sabata kwa mwezi wathunthu, poti kawirikawiri amatsegula ina.

Pali chenjezo limodzi lalikulu. Masiku ano kuli mapulogalamu omwe amasandutsa chithunzi cha munthu wovala kukhala chamaliseche. Zikafika pamenepo, chithunzicho musachitumize kwa aliyense, kaya achibale kaya a shehe, ngakhale cholinga chili chofuna thandizo, chifukwa kufalitsa chithunzi chotero cha mwana ndi mlandu pawokha. Lembani linki, mupite ndi foniyo kupolisi. Kulinso tsamba laulere lotchedwa Take It Down la osakwana zaka 18, ndi StopNCII la akuluakulu. Chithunzi sichichoka m'foni mwanu: tsambalo limangopanga chidindo cha manambala chomwe makampani omwe analowa m'mgwirizanowo amagwiritsa ntchito pochizindikira ndi kuchitsekereza.

Mchitidwe wochititsa manyazi akazi achisilamu ndi zithunzi zawo unaonekera poyera ku India mu July 2021 ndi January 2022, pomwe zithunzi za amayi ambirimbiri zinaikidwa pa intaneti ngati katundu wa pa okushoni. Ulendo woyamba apolisi anazengereza. Ulendo wachiwiri amayiwo atadandaula mwamphamvu, achinyamata angapo anamangidwa pasanathe sabata. Kukhala chete poopa manyazi ndi komwe kumateteza wolakwa.

Pomaliza fufuzani mofatsa komwe chithunzicho chinatulukira. Anajambula ndani? Chinaikidwa pa status ya ndani? Ngati ndi mnzake wa kusukulu, aphunzitsi aakulu adziwe. Ndipo pa WhatsApp ya mwanayo sinthani kuti chithunzi chake, status ndi zomulowetsa m'magulu zikhale za okhawo omwe ali m'foni mwake, muikenso nambala yachinsinsi ya two-step verification.

Akatinyoza ifenso tiziwabwezera. Ndatsegula peji yoti ndiziyankha Akhristu onyoza Mtumiki (SAW) ndi mawu owawa omwewo. Vuto lili pati? — Mnyamata, Kawale

Vuto lilipo, mphwanga, ndipo loyamba lili m'Buku lomwe ukufuna kuliteteza. Surah 6 ndime 108 imaletsa kutukwana zomwe ena amapembedza, kuopa kuti iwonso angatukwane Allah mosadziwa. Wanyozedwa ndi munthu mmodzi, koma peji yako ipweteka anthu zikwi omwe sanakulakwire, ena mwa iwo achibale ako. Lachiwiri, lamulo silifunsa kuti anayamba ndani. Gawo 130 la Penal Code, loletsa kulemba kapena kulankhula mawu ndi cholinga chopweteka mnzako pa chipembedzo chake, lingagwire iweyo chimodzimodzi. Lachitatu, sikirinishoti ya mawu ako idzayenda yokha, popanda chipongwe chomwe unkayankha chija, ndipo idzakhala umboni wa omwe amati Asilamu ndi aukali.

Ngati uli ndi luso lolemba, yankha bodza lomwe lanenedwalo kamodzi, mwaulemu, ndi umboni, pa peji yako osati pansi pa posti yawo. Ukulembera owerenga mwakachetechete aja, osati wotukwanayo.

Masiku ano munthu ukangofunsa za Chisilamu akuti ndiwe wachidani. Ine ndinatsutsa zoti ana azivala hijabu pa sukulu za mipingo. Kodi pamenepo ndinadana ndi Asilamu? — Mkulu wa mpingo, Balaka

Ayi bambo, kutsutsa mfundo si chidani. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko limapatsa aliyense ufulu wa chipembedzo, gawo 35 ufulu wolankhula, ndipo awiriwa amayendera limodzi. Nkhani ya hijabu inali mkangano weniweni: mpingo womwe unamanga sukulu uli ndi mawu, mwana wofuna kuphunzira osasiya chikhulupiriro chake alinso ndi ufulu. Inu a ku Balaka mukukumbukira momwe zinafikira poipa kwa M'manga mu 2019, mpaka nyumba zopemphereramo kuonongeka ndi sukulu kutsekedwa. Chomwe chinathetsa nkhaniyo si makomenti a pa Facebook koma kukambirana komwe bungwe la Public Affairs Committee linatsogolera, mpaka atsogoleri a mbali zonse anasainirana mu 2021 kuti hijabu iloledwe, yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu.

Poyesa mawu anu dzifunseni izi. Kodi ndikunena za mfundo, kapena za anthu onse a chipembedzocho? "Sindikugwirizana ndi hijabu pasukulu ya mpingo" ndi mfundo. "Anthu amenewa akufuna kulanda dziko" ndi mlandu woikidwa pa aliyense, kuyambira gogo wa ku Nkhotakota mpaka khanda lobadwa dzulo. Kodi zomwe ndikunenazi ndi zoona? Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa 100 aliwonse m'dziko muno, ndipo akhala kuno kuyambira zaka za m'ma 1800. Si alendo. Kodi wowerenga mawu angawa akadzuka akachite chiyani? Mphekesera yoti dziko likusandutsidwa lachisilamu inayenda kwambiri nthawi ya a Bakili Muluzi, ndipo zotsatira za chisankho cha 1999 zitatuluka mizikiti ina inatenthedwa kumpoto. Nthawi imeneyo kunalibe WhatsApp. Lero mphekesera yomweyo ingazungulire dziko tsiku limodzi.

Kwa abale athu achisilamu tinenenso: si funso lililonse lowawa lomwe ndi lopita nalo kupolisi. Gawo 87 lija lagwiritsidwapo kale ntchito pomanga anthu omwe anangodzudzula akuluakulu pa foni, ndipo kulizoloweretsa kutsekera anthu pakamwa kudzapweteka tonse. Apolisi asungireni ziopsezo, kuzunza kobwerezabwereza ndi kumemeza ziwawa. Zotsalazo ndi za kuyankha, kubuloka, kapena kutengera kwa atsogoleri monga a Muslim Association of Malawi, a Quadria Muslim Association of Malawi ndi a mipingo kuti akakambirane. Ngati nkhaniyo ndi ya tsankho, monga kuchotsedwa ntchito kapena kukanizidwa thandizo chifukwa cha chipembedzo, kuli Malawi Human Rights Commission.

Ndili ku Johannesburg. Munthu wa kuno amandilembera zonyoza kuti ndine mlendo komanso Msilamu. Ndingadandaule kuti? — Telala, Mayfair

Achimwene, lamulo logwira ntchito ndi la komwe muliko. Ku South Africa lamulo la 2000 loletsa tsankho linakhazikitsa ma Equality Court, omwe amapezeka m'makhoti a majisitireti. Kudandaulako n'kwaulere ndipo sikufuna loya: mumalemba fomu kwa kalaliki wa khoti n'kuphatikizapo umboni wanu. Mungapitenso ku South African Human Rights Commission. Ngati pali kuopseza kuti akuvulazani kapena kuononga katundu wanu, Cybercrimes Act ya 2020 imati umenewo ndi mlandu wa kupolisi. Ngati mapepala anu okhalira m'dzikomo sali bwino, yambani mwafunsa malangizo ku mabungwe othandiza alendo pa zamalamulo musanapite nokha. Anzathu a ku Britain angalipote kupolisi pa 101, kapena ku bungwe la Tell MAMA lomwe lakhala likulemba nkhanza zochitikira Asilamu kuyambira 2012.

Komiti ya mzikiti wathu ikufuna kuyamba kuulutsa khutuba (ulaliki) ya Lachisanu pa Facebook Live. Ena akuopa chipongwe. Tiyambe kapena tisiye? — Mlembi wa komiti, Limbe

Yambani, koma mugawane ntchito. Wogwira foni akhale wina, woyang'anira makomenti akhale wina pa foni yachiwiri, chifukwa munthu mmodzi sangathe zonse. Mndandanda wa mawu obisika muukonzeretu tsiku lisanafike, ndipo woyang'anirayo asayankhe wotukwana aliyense: ajambule, abise, abuloke. Kamera iloze kwa shehe yekha. Isaonetse nkhope za ana, mbali ya amayi, zitseko, kapena pomwe anthu amaimika galimoto. Peji ikhale ndi ma adimini osachepera awiri, aliyense pa akaunti yakeyake yokhala ndi chitetezo cha magawo awiri, osati pasiwedi imodzi yodziwa komiti yonse. Peji ya mzikiti ikabedwa, wakubayo angalembe zoipa m'dzina lanu. Sunganinso khutuba yonse yosadula, poti njira yodziwika ya ofalitsa chidani ndi kudula masekondi makumi awiri pakati pa ulaliki kuti amveke ngati akumemeza nkhondo.

Uthenga uliwonse wotchula mzikiti wanu, tsiku kapena chida, musauyese nthabwala. Amene anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ya ku Christchurch, New Zealand, pa 15 March 2019, anali atalengezeratu pa intaneti, ndipo anaulutsa kuphako pa Facebook Live. Kampaniyo inati m'maola 24 oyamba inachotsa makope 1.5 miliyoni a vidiyoyo, ndipo chifukwa cha tsikulo, mu 2022 bungwe la United Nations linakhazikitsa 15 March kukhala tsiku lolimbana ndi chidani pa Asilamu. Komiti isankhiretu munthu mmodzi wosunga kope la ziopsezo, yemwenso akhale ndi nambala ya mkulu wa polisi ya dera lanu, kuti uthenga wotero ukafika Lachinayi usiku pasakhale kufunsana kuti aimbe ndani.